Moyo sudikira kalata ya dokotala

Anzanga a m'makalabu a achinyamata, ine ndine mlangizi wa zaumoyo kuno kwa Nazombe m'boma la Phalombe. Ntchito yanga mumaidziwa: kukweza ana sikelo, kupereka katemera, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kuyendera zimbudzi ndiponso kucheza nanu za HIV ndi Edzi. Lero ndabwera ndi nkhani imene sitinaikambiranepo pa kalabu, koma yayamba kale kugogoda pakhomo pathu.

Miyezi ingapo yapitayo tinaika m'manda mnyamata wina amene ndinaphunzira naye ku pulayimale. Dzina lake sinditchula polemekeza abale ake. Mnyamatayu anakhalako ku Joni, ndipo atabwerako anagula njinga yamoto nkuyamba kabaza. Tsiku lina la msika ananyamula anthu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Madzulo anakhala pansi ndi anzake nkumamwa mowa. Pasanapite nthawi anagona pa benchi nayamba kuliza mkonono waukulu. Anzake anamugwedeza koma sanadzuke. Mmodzi anati, "Msiyeni, waledzera ameneyu. Mowa ukatha adzuka yekha." Anamufunditsa jekete nkumapita kwawo. Kutacha anamupeza atauma.

M'thumba mwake munali mapepala a mapiritsi a tramadol, mapiritsiwo atatha. Pa maliro ena ankanong'onezana kuti walodzedwa, ena ankati anakhwimira njinga ija ndipo zamutembenukira. Pambuyo pake m'pamene anzake anaulula kuti ankamwa mapiritsi angapo tsiku lililonse kuti asamve kutopa ndi kupweteka kwa msana. Ine chimene chimandipweteka ndi mkonono uja. Sikunali kugona ayi. Kunali kupuma kwa munthu amene mpweya ukumuthera, ndipo anzake anali pomwepo koma sanadziwe.

Kodi mankhwala amenewa ndi otani?

Tramadol ali m'gulu la mankhwala otchedwa opioid. M'gulu lomweli muli codeine amene amapezeka m'mankhwala ena a chifuwa, pethidine ndi morphine amene amaperekedwa m'zipatala, komanso heroin amene ndi woletsedwa ndi lamulo. Ambiri mwa mankhwala amenewa ndi abwino akamwedwa motsatira malangizo a kuchipatala. Odwala khansa ndi matenda ena a mgonagona amathandizika kwambiri ndi morphine wamadzi, ndipo palibe chifukwa choti amuope. Vuto limabwera munthu akamwa mopyola muyezo, kapena akasakaniza ndi mowa ngakhale mapiritsi ogonetsa monga diazepam.

Muubongo mwathu muli kachigawo kamene kamalamula kuti tizipuma ngakhale tili m'tulo. Opioid akachuluka m'thupi amagonetsa kachigawo kameneka. Munthu amayamba kupuma mwapatalipatali, kenako amasiyiratu. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zochepa chabe umayamba kuwonongeka, ndipo imfa simachedwa. Zizindikiro zikuluzikulu zilipo zitatu: munthu sadzuka ngakhale mumutsine kapena mumukuwire kukhutu, amapuma pang'onopang'ono, mwamkonono kapena sapuma konse, ndipo kamwana ka m'diso kamachepa kwambiri ngati kadontho. Milomo ndi zikhadabo zimathanso kutuwa.

Mankhwala odzutsa munthu alipo

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti pali mankhwala obweza zimenezi. Dzina lake ndi naloxone, ndipo akhala akugwiritsidwa ntchito m'zipatala kuyambira m'chaka cha 1971. Ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Akalowa m'thupi amakankha opioid kumuchotsa pamene wamatirira muubongo, ndipo pakapita mphindi 2 kapena 3 munthu amayambanso kupuma. Alipo wa jakisoni, aliponso wopopera m'mphuno amene munthu aliyense atha kuphunzira kagwiritsidwe kake mosavuta.

Naloxone saledzeretsa ndipo sakhala chizolowezi. Mukamupereka kwa munthu amene sanamwe opioid, sachita kanthu m'thupi mwake. Komanso tidziwe malire ake. Sathandiza munthu amene wakomoka ndi mowa wokha, chamba, diazepam kapena tameki. Saletsa kuphupha kumene tramadol amabweretsa nthawi zina. Mphamvu yake imatha pakapita mphindi 30 mpaka 90, pamene opioid atha kukhalabe m'thupi nthawi yaitali. Choncho munthu akadzuka ayenerabe kupita naye kuchipatala msanga, chifukwa atha kukomokanso.

Kuno kwathu naloxone ndi mankhwala a m'kabati ya kuchipatala, operekedwa ndi dokotala kapena namwino. Koma anthu sakomokera kuchipatala. Amakomokera kuseri kwa malo omwera mowa, m'chipinda chogona, m'nyumba ya lendi, usiku, kutali ndi dokotala. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Zimene maiko ena anachita

Maiko ena anaona msanga kuti kalata ya dokotala ikuchedwetsa moyo. Ku Italy anayamba kugulitsa naloxone ku famase popanda kalata ya dokotala m'chaka cha 1996. Ku America, chigawo cha New Mexico chinapereka mphamvu kwa akatswiri a mankhwala a ku famase m'chaka cha 2014 kuti azimulemba ndi kumupereka okha kwa munthu amene akumufuna, atamuphunzitsa kagwiritsidwe kake. Zigawo zina zinatsatira. M'chaka chomwecho cha 2014 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu amene angakhalepo pamene wina wamwa opioid mopyola muyezo, monga abale ndi anzake, azikhala ndi naloxone ndipo aziphunzitsidwa. M'chaka cha 2016 maiko a Canada ndi Australia anachotsa lamulo lofuna kalata ya dokotala. M'mwezi wa Malichi 2023 dziko la America linalola kuti naloxone wopopera m'mphuno azigulidwa ngati momwe timagulira panado.

Koma America inafika pamenepa italira kale maliro ambiri. M'chaka cha 2021, ndiponso cha 2022, anthu oposa 100,000 pa chaka anamwalira m'dzikolo chifukwa chomwa mankhwala mopyola muyezo, ambiri mwa iwo chifukwa cha opioid. Kodi ife tidikire kuti tiyambe tawerenga manda athu kenako ndiye tisinthe malamulo?

Maganizo anga

Ine ndikuti ayi. Maganizo anga ndi akuti Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe loyang'anira za mankhwala la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019, alole katswiri wa mankhwala wa ku famase yovomerezeka kupereka naloxone popanda kalata ya dokotala. Mayi amene mwana wake akumwa tramadol, mkazi amene mwamuna wake wabwera ndi chizolowezi kuchokera ku Joni, kapena banja limene likusunga morphine wa wodwala m'nyumba momwe muli ana, athe kupita ku famase, kufotokoza vuto lawo, kuphunzitsidwa, nkubwerako ndi mankhwala opulumutsa moyo.

Katswiri wa ku famase ndi munthu wophunzira bwino za mankhwala. Iye ndi amene amaona anyamata akubwerabwera kudzafuna mankhwala a chifuwa pamene sakutsokomola. Kwa iye munthu amalowa popanda kukhala pa mzere tsiku lonse, popanda kufotokoza za moyo wake anthu a m'mudzi akumva. Ambiri amene ali ndi chizolowezi amaopa chipatala chifukwa cha manyazi. Inu ndi ine tikudziwa chimene manyazi anachita pa nkhani ya Edzi: anthu ankafera m'nyumba poopa kuonedwa pa khomo loyezetsera magazi.

Koma lamuloli likhale la mbali ziwiri. Dzanja limene likupereka naloxone likhale lomwelo lokana kugulitsa tramadol ndi codeine kwa munthu wopanda kalata ya dokotala. Chodabwitsa lero n'chakuti mankhwala amene angathe kupha amapezeka mosavuta m'matumba a ogulitsa mwachinyengo pa msika, pamene mankhwala odzutsa munthu atsekeredwa m'kabati. Zimenezi zatembenuka, ndipo ziyenera kukonzedwa.

"Limeneli si vuto la kuno"

Ena anena kuti imeneyi ndi nkhani ya azungu, ife vuto lathu ndi malungo, njala ndi Edzi. Ndikuvomera kuti malungo akupha anthu ambiri kuno kuposa opioid. Koma tiyeni tiyang'ane kwa anansi athu. Dziko la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine m'chaka cha 2018, achinyamata ambiri atalowerera. Dziko la Tanzania linatsegula kiliniki yothandiza anthu ogwiritsa ntchito heroin pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam m'chaka cha 2011. Heroin wochokera ku Afghanistan amatsikira m'magombe a kumpoto kwa Mozambique nkuyenda pa msewu kupita ku South Africa. Ife kuno kwa Nazombe malire a Mozambique tili nawo pafupi, ndipo anthu amaoloka tsiku ndi tsiku.

Ku South Africa komwe abale athu amapita kukasaka ganyu kuli nyaope, amene ena amati whoonga. Ameneyu ndi heroin wosakaniza ndi zinthu zina, ndipo ambiri amasutira pamodzi ndi chamba, ena amadzibaya. Mnyamata akabwera ndi wailesi, njinga ndi malata, nthawi zina amabweranso ndi chizolowezi chimene sachionetsa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Edzi nayonso poyamba anthu ankati ndi matenda a m'tauni ndi a oyendayenda. Mapeto ake inafika m'mudzi uliwonse.

Nkhaniyi ikukhudzananso ndi HIV mwachindunji. Anthu odzibaya mankhwala akamabwerekana jakisoni, kachirombo kamachoka m'magazi a wina kulowa mwa mnzake mosavuta, pamodzi ndi matenda a chiwindi. Munthu woledzera ndi mapiritsi saganiza za kondomu. Amene ali pa ma ARV amaiwala kumwa mankhwala ake. Tsono munthu wotere akabwera ku famase kudzafuna naloxone, mpata wapezeka womulangiza kuti akayezetse magazi, asabwerekane jakisoni, ndipo akafune thandizo loti asiye. Munthu wakufa sitingamulangize.

"Mukuwalimbikitsa kuti azimwa"

Ena anena kuti kupereka naloxone ndi kuuza achinyamata kuti imwani, mukakomoka tikudzutsani. Mawu amenewa si achilendo. Ndi omwe aja ankanenedwa za makondomu, kuti alimbikitsa chiwerewere. Koma amene anadzutsidwapo ndi naloxone sakhumba kubwereza. Kwa munthu amene thupi lake linazolowera opioid, kudzuka kwake kumakhala kowawa: amasanza, amanjenjemera, amatuluka thukuta, thupi lonse limaphwanya. Palibe amene angamwe mapiritsi dala pofuna zimenezi. Munthu amamwa chifukwa chizolowezi chamugwira, ndipo chizolowezi ndi matenda. Tikasunga ndowa ya madzi pafupi ndi nyumba ya udzu sitikuuza ana kuti aziseweretsa moto.

Ena afunsa ngati munthu wosakhala dokotala angakhulupiriridwe ndi mankhwala otere. Yankho lili m'mbiri yathu yomwe. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, madokotala anali ochepa kwambiri. Dziko likanati lidikire madokotala okha, makolo athu ambiri bwenzi kulibe. M'malo mwake ntchitoyi inaperekedwanso kwa makiliniko ofesala ndi anamwino, ndipo anthu anadzuka pa mphasa. Kuyambira m'chaka cha 2008 alangizi a zaumoyo a m'madera ovuta kufikako anayamba kuthandiza ana osakwana zaka zisanu m'midzi momwemo, kuwapatsa LA wa malungo, thanzi ORS wa kutsegula m'mimba ndi mankhwala a chibayo. Lero alangizi amabaya jakisoni wakulera, ndipo munthu atha kudziyeza yekha HIV kunyumba. Pa zonsezi panali okayikira poyamba. Malawi anasankha kufikitsa thandizo pafupi ndi anthu, ndipo sanalakwitse. Naloxone ndi wosavuta kupereka kuposa ambiri mwa mankhwala amenewa.

Koma famase ili kuti kwa Nazombe?

Tsopano ndinene chimene chikundivuta pa maganizo anga omwe. Lamulo lokhudza famase lokha lithandiza a ku Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe, kumene mafamase ali m'misewu. Kuno kwathu timagula panado ku golosale. Munthu akakomoka usiku m'mudzi wa kutali, kufika naye ku chipatala chachikulu ku Migowi kapena ku Holy Family kumafuna njinga yamoto, mafuta, ndalama ndi nthawi. M'nyengo ya mvula ndiye kumavutiratu. Tonse tikukumbuka mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho m'mwezi wa Malichi 2023. Munthu amene wasiya kupuma alibe nthawi yonseyi.

Choncho lamulo la famase likhale khomo loyamba chabe. Ndikupempha kuti naloxone azipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse ndiponso mu ambulansi iliyonse. Alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuzindikira zizindikiro ndi kupereka mankhwalawa. Banja lililonse limene lapatsidwa morphine wa wodwala liphunzitsidwe kasungidwe kake, kutali ndi ana, ndi choyenera kuchita ngozi ikachitika. Komanso munthu amene wathamangira ndi mnzake kuchipatala asaope kuti amangidwa. Mantha a apolisi ndi amene amachititsa anyamata kuthawa nkusiya mnzawo ali gone. Woyamba kuitanidwa akhale namwino.

Ndikudziwa kuti zonsezi zimafuna ndalama, ndipo nthawi zina ngakhale mankhwala wamba amasowa m'zipatala. Koma kusintha lamulo sikudula, ndipo kuphunzitsa anthu zizindikiro zitatu zija sikufuna galimoto kapena alawansi. Tiyambe ndi zimene tingathe.

Zimene inu mungachite lero

Pamene tikudikira akuluakulu, inu a m'makalabu muli ndi mbali yanu. Mukapeza munthu wakomoka ndipo mukukayikira kuti wamwa mapiritsi, chitani izi:

1. Muitaneni mokweza ndi kumugwedeza. Mupereseni mwamphamvu ndi mfundo za zala pa fupa la pakati pa chifuwa. Akapanda kuyankha, dziwani kuti si tulo.

2. Itanani anthu ndipo wina athamangire njinga kapena galimoto nthawi yomweyo. Wina adziwitse a zaumoyo amene ali pafupi.

3. Yang'anani ngati akupuma. Ngati sakupuma kapena akupuma mwapatalipatali, mugonekeni chagada, chotsani chilichonse chili m'kamwa, kwezani chibwano, tsinani mphuno ndi kumupumira mpweya m'kamwa kamodzi pa masekondi 5 aliwonse. HIV sifala kudzera m'malovu.

4. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali kuti akasanza asatsamwe.

5. Musamumwetse mkaka, madzi a mchere, phala kapena china chilichonse. Munthu wokomoka sameza, ndipo zimene mwamumwetsazo zimalowa m'mapapo. Musamuthire madzi ozizira, musamumenye, ndipo musamusiye yekha kuti agone.

6. Tengani mapepala kapena botolo la mankhwala amene mwapeza ndipo kanenani zoona kuchipatala. Kubisa kumachedwetsa thandizo.

Dziwaninso kuti ngozi imakula munthu akasakaniza mapiritsi ndi mowa, akamwa ali yekha, kapena akayambiranso atasiya kwa kanthawi, monga pochokera kundende kapena kuchipatala. Thupi limakhala litaiwala, ndipo muyezo umene ankamwa kale utha kumupha.

Pa kalabu yanu, ikani nkhaniyi pa ndondomeko ya zokambirana. Pangani sewero la mnyamata woliza mkonono pa benchi, anthu aone kusiyana kwa kuledzera ndi kukomoka. Chezani ndi anzathu a kabaza, a maganyu ndi osewera mpira, chifukwa ndi amene amanyengedwa kuti piritsi limachotsa kutopa. Piritsi silichotsa kutopa ayi, limangobisa ululu, ndipo mawa thupi limafuna awiri. Itanani a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi ya pa chipatala. Lemberani kalata khansala ndi phungu wa dera lino kuwafunsa kuti akutipo chiyani pa nkhani ya naloxone. Mukaona wina akugulitsa mankhwala a chipatala pa msika, dziwitsani amfumu kapena a zaumoyo. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo iwe mnzanga amene ukuwerenga uli ndi mapiritsi m'thumba, sindikukuweruza. Bwera tidzacheze, kapena pita kwa namwino amene umamukhulupirira. Zimene tikambirane zikhala za chinsinsi ngati momwe zimakhalira poyezetsa magazi. Usasiye mwadzidzidzi wekha ngati wamwa nthawi yaitali, a chipatala akuthandiza kutsitsa pang'onopang'ono. Ndipo anzake a munthu wotere, musamusale kapena kumutcha maina. Kusalana kunatipha pa nkhani ya Edzi, tisalole kutiphenso kachiwiri.

Mnzanga uja anali ndi anzake pambali pake usiku umene uja. Sanali anthu oipa. Anamufunditsa jekete chifukwa ankamukonda. Chimene analibe ndi chidziwitso, ndiponso kabotolo kakang'ono kamene kakanamupatsa mpata wofika kuchipatala ali moyo. Madzi akatayika sawoleka, iye wapita. Koma chidziwitsocho tsopano muli nacho. Kabotoloko tiyeni tikapemphe kwa opanga malamulo, mokweza ndi mosatopa, mnyamata wina asanagonenso pa benchi.